Amalume, sensa ija musagule kaye

Amalume, mwaswera bwanji? Pepani ndikuyankha ndi mawu, manja ali ndi girisi. Ndamva zimene mwafunsa m'gulu muno: nyali ya check engine yayaka pa Corolla ija, petulo akutha msanga, mnyamata wa kompyuta wapeza nambala ya vuto P0133 ndipo akuti mugule sensa ya okosijeni yatsopano. Ine ndikuti musagule kaye. Mwina ndi sensayo ndithu, koma nambala imeneyo sikunena kuti yafa ayi. Ikungoti sensa ya kutsogolo ikuchedwa kuyankha, ndipo zoichedwetsa ndi zingapo.

Sensayo ili pa paipi ya ekizozi pafupi ndi injini, utsi usanafike pa catalytic converter, chija chimayeretsa utsi. Ntchito yake ndi kulawa utsi, ngati munthu wolawa mchere mu ndiwo. Akachedwa kunena kuti wakwana, wophika amakhala atathira kale wina. Kompyuta ya motoka imafuna mpweya magawo 14.7 pa gawo limodzi la petulo, ndiye ikamauzidwa mochedwa imangophonya, petulo n'kumapita.

Ndiye mubwererenso kwa mnyamata uja. Kuwerenga nambala kokha sikokwanira, mumuuze atsegule live data, pomwe kompyuta imaonetsa zimene sensa ikunena injini ikulira. Injini itenthe bwinobwino kaye, chifukwa sensa imeneyi siyankha zoona isanatenthe kupitirira madigiri 300. Aponde mafuta, singano ya liwiro la injini (rpm) ikhale pa 2,500, inu muziyang'ana pa kompyutapo. Sensa yabwino imasewera pakati pa mavoti (V) 0.1 ndi 0.9, kukwera kutsika, pafupifupi kamodzi pa sekondi kapena kuposa. Akaponda mwadzidzidzi idumphire kumwamba, akasiya igwe pansi nthawi yomweyo. Ikamakwera mwaulesi, kapena kungokakamira cha pa 0.45, eee, pamenepo ndiye tiyambe kuikayikira. Koma chenjerani, ma Toyota ena atsopanoko ali ndi mtundu wina kutsogolo, wa air-fuel. Umenewo umakhala cha pa 3.3 V ndipo sudumphadumpha, wina asakunamizeni kuti wafa.

Chimene ine ndikuchikayikira kwambiri ndi kuboola kwa ekizozi. Mahampu a mu Lusaka muno mukuwadziwa, ndipo msewu wolowera kwanu ku Chilenje uja nthawi ya mvula, motoka yotsika ngati yanu imagunda pansi. Paipi ikang'aluka pang'ono, kapena gasiketi ya manifodi ikapsa, mpweya wakunja umalowa n'kusokoneza sensa. Mawa m'mawa, injini ili yozizira, muilize mutatsegula boneti, mumvetsere. Mukamva kaphokoso ka tsi-tsi-tsi komwe kakuchepa injini ikamatentha, kapena mukaona mwaye wakuda polumikizana mapaipi, vuto ndi limenelo. Apo ndi gasiketi kapena wowotcherera basi. Mutagula sensa, nyali idzayakanso ndalama zitapita.

Muonenso waya wake ngati sanakhudze paipi n'kusungunuka, pulagi ya wayayo ngati mulibe madzi kapena dzimbiri, ndi paipi ya labala yolowetsa mpweya mu injini ngati sinang'ambike. Zimenezo n'zosachedwa.

Zonsezi zikakhala bwino, aimasule sensayo muione kumutu. Ikakhala yakuda ndi mwaye, injini ikumwa petulo wambiri, mwina vuto lili kwina, monga mapulagi kapena mainjekita. Ikakhala yotuwa ngati yawazidwa ufa, ndikufunseni Amalume: motokayi ikuchepetsa madzi? Ikudya oyilo? Pali makanika amene anapaka silikoni pa gasiketi posachedwa? Silikoni wamba, madzi a mu rediyeta ndi oyilo wopsa zimapha sensa. Mukapanda kutseka komwe zikuchokera, yatsopanonso idzatha chimodzimodzi.

Ena akuuzani kuti muiviike mu petulo usiku wonse. Ine zimenezo sindizikhulupirira. Kunja iwala, koma chokalamba chili m'kati.

Ikapezeka kuti ndi iyo, mugule ya Denso kapena NTK, ndipo mupite ndi nambala ya chassis, osangoti "ya Corolla". Motoka zochokera ku Japan izi zimasiyana ngakhale zili za chaka chimodzi, komanso ya kutsogolo ndi ya kumbuyo si imodzi. Zija amati zimalowa paliponse, zodula mawaya n'kulumikiza, zisiyeni. Yochotsa pa motoka ina nayonso, hmm, mwagula nkhalamba inzake. Pomasula pamafunika soketi ya 22 yong'ambika pambali kuti waya adutse. Paipi ikhale yofunda, athire mafuta ofewetsa dzimbiri, adikire. Akakakamiza aononga mazinga, ntchito ikula. Yatsopano ayambe kuilowetsa ndi dzanja, ndipo kumutu kwake kusakhudze girisi.

Akamaliza afufute nambala ija, koma musasangalale msanga nyali ikazima. Kompyuta imadikira kuona vutolo pa maulendo awiri isanayatsenso. Muyende masiku angapo, tsiku lina mutuluke pa Great East Road mpaka ku Chongwe kuti itenthe mokwanira.

Za ulendo wa ku Chipata Loweruka zija, motoka ifika, sensa yaulesi siimitsa munthu panjira. Koma makilomita opitirira 500 ndi petulo wambiri, ndipo mukaizolowera nyaliyo miyezi, catalytic converter ndi imene idzavutike, iyo ndiye yodula zedi. Nyali ikayamba kuphethira m'malo mongoyaka, imeneyo ndi nkhani ina, muime.

Munditumizire chithunzi cha kachitsulo ka nambala ya chassis, kali mu boneti, ndi kavidiyo ka live data kaja, ndione ndisanaweruke. Moni kwa onse kunyumba.