Gulu lathu la zisudzo likutha, kodi kuthokoza pakamwa n'kokwanira?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amatsogolera gulu la zisudzo la achinyamata ku Mulanje. Akuti anayamba ali ambiri, koma pano ku pulakatisi kukumabwera anthu owerengeka. Ena akuti anatopa ndi ntchito yaulere, ena athawira ku gulu lomwe limalandira alawansi ku bungwe lina. Funso lawo n'lakuti: popeza ndalama palibe, kodi kungonena zikomo kungasunge anthu?

Achemwali, tiyambire pa ndalama pomwepo. Mwana wa eni ake akakwera kabaza kubwera ku sewero ndi ndalama ya m'thumba mwake, imeneyo ndi ngongole ya gulu. Kumubwezera musakuwerenge ngati kumuthokoza. Ndipo mukatolera kangachepe pakhomo, werengerani pamaso pa onse, mulembe m'kope, ngakhale zitakwana zogulira nzimbe basi. Magulu ambiri amagawanika chifukwa cha manong'onong'o oti atcheya ndi msungichuma akudyera kumbali, ndipo munthu amene akukukayikirani sangamve zikomo wanu.

Za alawansi musadandaule kwambiri. Mabungwe atachuluka pambuyo pa 1994, uthenga wa Edzi, wa zisankho ndi wa ukhondo unayamba kudzera m'zisudzo, ndipo unabwera ndi matisheti, Fanta ndi envulopu. Sindikunyoza, anthu anagulira sopo. Koma pulojekiti ikatha, gulu lotere limagona, ndipo inu simungapikisane nalo pa envulopu. Kumbukirani kuti zisudzo za m'midzi zinalipo kale. M'zaka za m'ma 1980, Travelling Theatre (gulu la zisudzo loyendayenda) ya ku Chancellor College, ndi aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr, inkapita m'midzi ya cha ku Liwonde ndi masewero a zaumoyo. Eni mudzi ankalowerera sewero lili mkati, kutsutsa ochita sewero ndi kuthirira ndemanga pa mavuto a zitsime ndi zimbudzi zawo. Chinkawakoka n'chakuti nkhani inali yawo ndipo mawu awo ankamveka. Ndiye dzifunseni: kodi m'sewero lanu lapitali munalowa ganizo la ndani kupatula lanu? Mnyamata akaona nthabwala imene anapeka yekha ikugwetsa anthu ndi phwete pabwalo, mawa amabwera osaitanidwa.

Koma pamene magulu athu amalakwitsa kwambiri ndi pa anthu osaonekera. Tikati zisudzo timakumbuka Du Chisiza Jnr ndi Wakhumbata imene anayambitsa mu 1987, kapena Izeki ndi Jakobo. Woimirira kutsogolo amalipidwa ndi kuomberedwa m'manja tsiku lomwelo. Nanga uja anapita kwa amfumu kukapempha bwalo? Amene anasenza mabenchi kuchokera kusukulu n'kukabweza kutada? Mayi amene anabwereketsa chitenje chawo chatsopano choti mutchingire, woimba ng'oma, ndi uja anazungulira msika ndi chimkuzamawu mpaka mawu kusasa? Amenewa ndiwo amayamba kuchoka, ndipo amachoka osatsanzika.

Sewero likatha, anthu asanabalalike, aitaneni mmodzimmodzi pabwalo. Tchulani dzina ndi chimene anachita. "Tikuthokoza onse amene atithandiza" sizifika pamtima pa aliyense. Chitani zimenezi amfumu ndi makolo ali pomwepo. Izi n'zofunika kwambiri kwa atsikana, chifukwa makolo ambiri amaona zisudzo ngati kuyendayenda kwachabe, ndipo mtsikana akasiya kubwera nthawi zambiri amakhala waletsedwa kunyumba. Bambo akamva mwana wawo akutchulidwa ndi ulemu pamaso pa mudzi, sabata yamawa chilolezo sichivuta.

Pali chinanso chosalira ndalama koma chamtengo. Amene watumikira chaka chathunthu mulembereni kalata, yosainidwa ndi inu komanso yodindidwa ndi amfumu kapena ahedi, yofotokoza ntchito imene ankagwira. Wachinyamata amene wangolemba MSCE alibe zambiri zoonetsa pofunsira ntchito, ndiye pepala limenelo amalisunga bwino. Amene wakhala akunyamula katundu mufunseni ngati akufuna mbali m'sewero lotsatira; ena amangochita manyazi kupempha, pomwe ena zawo n'zakuseri komweko ndipo musawakakamize. Ndipo kwa membala kukagwa maliro kapena matenda, gulu lipite lonse, likatunge madzi ndi kugona kusiwa. Amene munamusiya yekha pa zovuta sadzabweranso ngakhale mutamupatsa satifiketi.

Za amene anachoka kale, musawadzudzule pa gulu la WhatsApp. Apitireni kunyumba mmodzimmodzi, muyambe ndi kutchula zimene anachitira gulu, kenako mufunse chimene chinawakhumudwitsa, ndipo mulole kumva ngakhale yankho litakhala lokhudza inuyo. Amene anapita kotsata alawansi auzeni kuti pulojekiti ikatha malo awo alipo.