Achemwali a mpunga wa Kilombero, shopu yachiwiriyo idikire kaye

Achemwali, funso lanu lija ndaliwerenga bwinobwino. Mwati mumakaoda mpunga wa Kilombero ku Karonga nkumagulitsa pa shopu yanu ku Area 25 mu Lilongwe, geni ikuyenda, nde mukufuna kutenga ngongole kuti mutsegule shopu ina ku Kawale muikepo alamu anu. Ine ndinena mosapsatira, ngongole imeneyoyo musatenge kaye. Sikuti ndikukuletsani kukula ayi, ndikufunitsitsa mutakula, koma kwa munthu wa mpunga ngati inu kukula kuli pa liwiro lomwe mpamba wanu ukuzungulira, shopu yachiwiri imabwera pambuyo.

Taonani masamu awa, tingoyerekeza. Muli ndi mpamba wa K1,000,000 ndipo ulendo uliwonse mukachotsa zonse mumatsala ndi phindu la K100,000. Katundu akamatha pa miyezi iwiri nde kuti pachaka mwazungulira ka 6, phindu K600,000. Koma katundu yemweyo akamatha pa masabata awiri mwazungulira koposa ka 20, mpamba womwewo, shopu yomweyo, lendi yomweyo, phindu ladutsa K2,000,000. Pamene mukatsegula ku Kawale mpamba uja mwaugawa pawiri, lendi ziwiri, wantchito, magetsi, chiphaso cha khonsolo, kuphatikiza kubweza ngongole mwezi ndi mwezi, mpunga uli phee pa shelefu kudikira kuti anthu akudziweni.

Nde funso loyamba nlakuti phindu lanu lenileni pa thumba la 50kg mumalidziwa? Sindikunena mtengo wogulitsa kuchotsa mtengo woodera basi ayi. Muikemo transipoti yanu yopita ndi yobwera, Karonga ndi kutali makilomita oposa 500 kuchoka ku Lilongwe, muikemo ya lole, okweza ndi otsitsa matumba, kupunthitsa ku chigayo, matumba enieniwo, mapepala opakira, chakudya ndi pogona pa ulendo, ndalama yomwe amadula mukamatapa pa Airtel Money kapena Mpamba, ngakhale kampunga kotayika poyeza ndi ka banyira kaja. Komanso ngati mumagula wosapuntha muziyeza musanalowetse mchigayo ndi potuluka, chifukwa gawo lalikulu ndithu, pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, limapita ku mankhusu ndi madeya, kenako pali wosweka womwe simungaugulitse pa mtengo wa Kilombero weniweni. Woswekayo musasakanize, pakirani payekha, a phala ndi a malo odyera ang'onoang'ono amaufuna, madeyanso oweta nkhumba ndi nkhuku amagula, imeneyo ndi ndalama yomwe ambiri amaisiya pa chigayo.

Chinanso chomwe chimandipweteka mtima ndikamaona amayi olimbikira akugwa nacho, kuika mtengo potengera mmene anagulira. Muno mMalawi muziika mtengo potengera mmene mukagulire ulendo wotsatira. Mukukumbukira mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25%, kenako mu November 2023 inagwanso ndi 44%, anthu anagulitsa katundu yense akusangalala kuti apindula koma atapita kukaodanso ndalama yonse ija, mpamba ndi phindu lomwe, sinakwanenso kugula matumba omwe anagula poyamba. Ndalama mchikwama yachuluka koma geni yachepa. Nde inu muziwerenga chuma chanu m'matumba a mpunga osati m'makwacha, ngati chaka chatha mumabwera ndi matumba 20 pa ulendo ndipo pano mukubwera ndi 26 nde kuti mwakula, ngati mukubwera ndi 17 mwabwerera mmbuyo olo pa foni pakuoneka ma zero ambiri. Musanasinthe mtengo muziimbira kaye anthu anu aku Karonga kumva kuti zili bwanji sabata imeneyo, mafuta akasowa kapena akakwera ya lole imasintha tsiku lomwelo.

Tsono katundu angathe bwanji msanga? Apa mpamene ndikufuna muikepo mtima. Kasitomala wogula 1kg pa shopu ndi wabwino koma mumachita kumudikira. Sakani ogula mobwerezabwereza, malesitilanti a mtauni, ma lodge, amayi ophika pa maukwati ndi pa zinkhoswe, sukulu zogonera konko, magulosale a m'makwalala omwe sangakwanitse kupita okha ku Karonga, ndi anthu a m'maofesi omwe amafuna 5kg kapena 10kg mwezi ukatha. Phikani pang'ono kapena pakirani timapaketi ta theka la kilo, pitani nokha mukawasiyire alawe, Kilombero amadzigulitsa yekha ndi fungo lake lija akangotsegula poto. Mukapeza ngakhale malo asanu otenga matumba awiri awiri sabata iliyonse nde kuti katundu wambiri wagulidwa kale lole isanafike, phindu pa thumba lichepako pang'ono inde koma ndalama ikubwera msanga nkubwereranso ku Karonga. Ndipo chonde, olo zinthu zitavuta bwanji musadzasakanize Kilombero ndi mpunga wina wotchipa, wophika amadziwa tsiku lomwelo, ndipo amayi a maukwati amauzana.

Koma samalani ndi ngongole za makasitomala, pajatu ogula zambiri ndi omwenso amakonda zoti tidzakupatsani mwezi ukatha. Mpunga womwe mwangongoza ndi mpamba womwe waima. Gwirizanani kuti alipire theka potenga, theka linalo pasanathe masiku 7 kapena 14, zilembedwe m'buku asainire, ndipo amene sanamalize yakale asatengenso wina olo akhale a mpingo umodzi. Ikani malire, tinene kuti katundu yemwe ali kunja pa ngongole asapose gawo limodzi mwa magawo asanu a mpamba wanu.

Mabungwe ndi masukulu adzakufunsani mapepala, nde lembetsani dzina la bizinesi ku boma, tengani TPIN (nambala yolipirira msonkho) ku MRA, tsegulani akaunti ya bizinesi yosiyana ndi ya pakhomo, gulani buku la ma invoice ndi malisiti. Mukadzafuna kulowa m'masupamaketi ndi paketi ya dzina lanu pamenepo mudzafunikanso chiphaso cha a Malawi Bureau of Standards, koma izo ndi za mtsogolo. Inuyo mudziikire malipiro a pamwezi, ndiwo ndi fizi zizichokera pamenepo osati mu kabati ya shopu.

Za ngongole ija, nthawi yake ilipo. Mpunga umatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu May mpaka July, ndipo umakwera tikamalowa mdzinja. Ngongole yomveka kwa inu ndi yogulira wosapuntha wambiri nthawi yokolola, wouma bwino, nkuusunga pa mapaleti malo osadontha, kumapunthitsa pang'onopang'ono malinga ndi maoda chifukwa wosapuntha umasungika nthawi yaitali kuposa wopuntha kale. Ngongole imeneyo ili ndi katundu kumbuyo kwake komanso ogula mukuwadziwa kale. Olo apo werengani kaye, ngongole za kubanki chiwongola dzanja chinkaposa 25% pachaka mu 2024 ndi 2025, ku banki mkhonde chimawerengedwa pa mwezi nde chikamaoneka chochepa muchulukitse ndi miyezi yomwe mpunga ukhale mosungiramo, kaya ndi ku bungwe la boma lobwereketsa ndalama za bizinesi kaya ku SACCO (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala) funsani ndalama yonse yomwe mudzabweze pamapeto ndi tsiku loyamba kubweza, chifukwa ngati akufuna muyambe mwezi wamawa pomwe mpunga mukufuna kugulitsa mu December nde kuti mudzabweza ndi mpamba wa shopu. Katapila yekha ayi, musayerekeze nkomwe.

Alamu anuwo musawataye, ayambe pa shopu ya ku Area 25 yomweyo inu mukamayenda kusaka maoda. Muwapatse malipiro omveka, sikelo yabwino, buku lolemba katundu wolowa ndi wotuluka, madzulo aliwonse kuwerengera limodzi makilo otsala ndi ndalama, malipiro a pafoni azilowa pa nambala ya bizinesi osati yawo. Sikuti mukuwaganizira zoipa, buku limateteza ubale chifukwa palibe woloza mnzake chala popanda umboni. Shopu ikayenda miyezi itatu kapena inayi inu osakhalapo tsiku lonse, mabuku akugwirizana, ndipo mwaona kuti maoda ambiri akuchokeradi mbali ya ku Kawale ndi Biwi, apo tsegulani, ndipo mwina mudzapeza kuti chofunika kumeneko ndi kachipinda kosungiramo matumba ndi wa kabaza wodalirika wokaperekera, osati shopu ya lendi yodula ya mmbali mwa msewu.

Ngati mungathe tiuzeni muno kuti pano mumabwera ndi matumba angati pa ulendo, amatha masiku angati, ndipo ndi angati omwe ali kunja pa ngongole, tiwerengere limodzi.