Nyale ya pathanki ya mbuna ikuphethira, ndigule chani?

Sabata yatha ndalandira imelo yochokera kwa achimwene ena amene akukhala ku Johannesburg. Akuti agula thanki ya nsomba ya sekondihandi, yotalika masentimita 120, ndipo chivindikiro chake chabwera ndi nyale ya machubu awiri a fuloresenti a mtundu wa T8 a mawati 36. Akufuna kuikamo mbuna zakwathu kuti azikumbukirako kunyanja. Koma nyale ikumaphethira, ikulira ngati njuchi, ndiye wapashopu wawauza kuti angogula machubu a T5 n'kulowetsa basi. Funso lawo ndi loti atero kapena asinthe balasiti, kachipangizo kamene kamayezera magetsi opita ku machubu.

Achimwene, ndalamazo zibwezeni kaye m'thumba. T5 singalowe pamalo pa T8 olo mutakakamiza bwanji. Nambalayo ikunena kunenepa kwa chubu, T8 ndi mamilimita 26 pomwe T5 ndi 16, timapini takumapeto n'tosiyana, komanso T5 ya mawati 54 ndi yofupikirapo, pafupifupi masentimita 115. Ndiye ngakhale mutasintha zogwirira zake, balasiti imene ilimo singaiyatse bwino. Wapashopuyo mwina amangofuna kugulitsa.

Balasiti ndi chija amisiri a magetsi kwathu amati choki. Chubu cha fuloresenti chikangoyaka chimakoka magetsi mosadziletsa mpaka kudziwotcha chokha, ndiye balasiti ndi imene imachigwira dzanja kuti chizimwa moyezera. Zilipo za mitundu iwiri. Yachikale ndi kachitsulo kolemera kokhala ndi waya wokulungiza mkati, imayendera limodzi ndi sitata, kaja koyera kozungulira kamene mumakapotokola pochotsa. Imeneyi ndi imene imalira ija, imatentha, ndipo poti chivindikiro chili pafupi ndi madzi kutenthako kumafika kwa nsomba. Yamakono ndi ya elekitironiki, yopepuka, sifuna sitata, siphethira, ndipo imadya magetsi ochepako. Ma T5 a mawati 54 aja amayendera imeneyi basi. Mmene mwafotokozeramo ine ndikuona kuti yanu ndi yachikale.

Musanataye chilichonse yesani izi. Zulani pulagi kukhoma, yang'anani kumapeto kwa machubu, ngati kwada bii ndiye kuti atopa. Sinthani sitata, ndi kotchipa kwambiri pa zonsezi ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala iyeyu. Ngati chubu chimodzi chokha ndi chimene chikuvuta, asinthanitseni malo muone ngati vuto likutsatira chubu kapena likutsala pamalo pomwepo. Likatsala, ndiye balasiti. Pogula ina werengani pa leibulo, muyenera kupeza polembedwa 2x36W T8 ndi 220-240V, osangoti bola ikukwanira m'chivindikiro. Balasiti yosagwirizana ndi chubu imapha machubu msanga, mudzangoti akuba ndi ogulitsa machubu chonsecho vuto mwalipanga nokha.

Koma mukandifunsa ine, pathanki ya mbuna sindingalimbanenso ndi machubu. Amafooka pang'onopang'ono moti ambiri timawasintha chaka ndi chaka, mkati mwake muli mekyule, poizoni amene amatuluka akasweka, komanso mayiko a European Union anasiya kulola ma T5 ndi T8 atsopano pamsika mu 2023, ndiye kutsogoloku azisowa. Gulani LED yaitali yopangira thanki ya nsomba. LED sifuna balasiti, imabwera ndi dalaivala yake yotsitsa magetsi kufika pa mavoti 12 kapena 24, ndipo imakhala panja kutali ndi madzi. Pa bokosi fufuzani IP67, kutanthauza kuti madzi akathovukira palibe chimachitika. Ine yanga yoyamba ndinagula yotchipa yopanda nambala imeneyi, miyezi ingapo yokha nthunzi inalowa n'kuchita dzimbiri, theka la timagetsi tinathima.

Tsopano nkhani ya kuwala kwake, apa ndi pamene anthu amaonongera ndalama zambiri. Zonena za nyale zamphamvu mumaziona pa intaneti ndi za anthu oweta makorali a m'nyanja yamchere kapena odzala zomera zovuta. Mbuna sizifuna zimenezo. Aliyense amene anasambirako ku Cape Maclear pafupi ndi chilumba cha Thumbi akudziwa, mbuna zimakhala m'miyala, zikungonyambita ndere tsiku lonse, zikaopsezedwa n'kuthawira m'mapanga. Zomera zambiri zimazizula kapena kuzidya, zimene zimapirira ndi monga Anubias ndi Java fern, zomwenso zimakula bwino pa kuwala kochepa. Mukaika nyale yamphamvu kwambiri galasi lichita gilini pa sabata imodzi ndipo nsomba zizingobisala. Ndere pang'ono pamiyala si vuto, ndi ndiwo zawo.

Pa mtundu wa kuwala onani pa bokosi nambala yothera ndi chilembo cha K. 6500K ndi koyera ngati masana, 10000K kumapita ku buluu. Mbuna zabuluu zimaoneka bwino zedi pa kobuluwirako, koma mukachulutsa buluu, zachikasu zija ngati Labidochromis caeruleus ya chakufupi ndi Nkhata Bay zimaoneka ngati zadwala. Ine ndimakonda zoyera zambiri, zabuluu pang'ono. Maola 8 patsiku akwana, gulani kataima ka pasoketi kuti kaziyatsa ndi kuthimitsa kokha, ikani kuti iziyaka masana mpaka usiku pamene inu muli pakhomo mukuzionera.

Chomaliza, chingwe chisachoke pathanki n'kulowa musoketi molunjika, chilendewere kaye pansi kenako chikwere, kuti dontho likatsetsereka ligwe pansi osati mumagetsi. Ndipo musanapise dzanja m'madzi zulani mapulagi onse, kuphatikiza hita. Ngati mwasankha kusintha balasiti ndipo mawaya simuwadziwa, itanani mmisiri. Nditumizireni chithunzi cha leibulo ya balasiti ili m'chivindikiroyo ndikuuzeni yoti mufunse pashopu.