Kanema wa mu gemu yanu: chokani pa MP4, pitani ku WebM

Achimwene a ku Chitakale, mwafunsa ngati mungaike kanema wa MP4 kumayambiriro kwa gemu yanu yokwera Sapitwa, imene mukufuna kugulitsa pa misika ya pa intaneti ya Google Play ndi Steam, popanda kupalamula. Mwachita bwino kufunsa musanayambe kugulitsa.

MP4 ndi thumba chabe, mlandu uli pa katundu ali m'katimo. Nthawi zambiri mumakhala H.264, njira yopanikizira zithunzi, ndi AAC ya mawu, ndipo zonsezi zili ndi ma patent (umwini wa luso wotetezedwa ndi lamulo) omwe eni ake amalipiritsa. Ziphaso za H.264 ankapereka ndi a MPEG LA, ndipo kuyambira 2023 ntchitoyi ili m'manja mwa Via LA. Ena akuuzani kuti kuno kumudzi palibe angakulondoleni. Komatu gemu ikangolowa pa Steam, ogula ali ku America ndi ku Germany, kumene malamulowa amaluma zedi. H.265, yobwera pambuyo pa H.264, ndiye musayerekeze, eni ake ndi magulu angapo, aliyense ndi chiphaso chake.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi apa. Ngati kanemayo akuseweredwa ndi decoder (pulogalamu yomasulira kanema kuti aoneke) yobwera ndi foni kapena Windows, monga imachitira Unity, pulogalamu yopangira magemu, nkhawa imachepa chifukwa pulogalamuyo simunagawe ndinu. Koma mukanyamula decoder yanu m'kati mwa gemu, monga FFmpeg, udindo wagwera inu. Komanso FFmpeg yomangidwa ndi x264, pulogalamu yopangira kanema wa H.264, imalowa pansi pa layisensi ya GPL, zomwe zingakukakamizeni kuonetsa code yanu yonse.

Ine ndikuti gwiritsani WebM, thumba lina limene m'kati mwake mumalowa zithunzi za VP8 kapena VP9 m'malo mwa H.264. Google idagula kampani ya On2 mu 2010 n'kupereka VP8 kwaulere, VP9 idabwera mu 2013. Mawu ikani Vorbis kapena Opus. Unity imalandira VP8 ndi Vorbis bwinobwino. Ngati gemu mukupangira pa Godot, iyo imasewera Ogg Theora, fayilo ya .ogv, ndi yakale, imafuna malo ochulukirapo kuti zithunzi zioneke zoyera, koma simulipira kalikonse. Opangira magemu pa Unreal ali ndi mtundu wa kanema wotchedwa Bink, poti Epic, eni a Unreal, idagula eni a Bink, RAD Game Tools, mu 2021.

AV1, njira ina yopanikizira zithunzi ya mu 2018, nayonso ndi yaulere ndipo imachepetsa fayilo, zomwe zimapulumutsa bandulo ya ogula. Koma ganizirani mafoni omwe anthu amagula pa msika wa Limbuli. Ambiri alibe chipangizo chosewerera AV1, ndiye foni imatentha, batire n'kutha msanga. Ndidayesa pa kafoni ka mng'ono wanga, kanema amangodukaduka, mpaka ndidabwerera ku VP8 pa 720p.

Musaiwale kuika chikalata cha layisensi ya libvpx, pulogalamu yosewerera VP8 ndi VP9, mu gemu ngati mwainyamula, amafuna zimenezo basi. Ndipo nyimbo ya m'kanemamo ngati ndi ya woimba wina, kambiranani naye kapena pitani ku COSOMA, chifukwa WebM sikutetezani pamenepo.