Funsani za kompyuta: Ndapanga apudeti, Wi-Fi yasowa

Funso: Zikomo akulu, ine ndi wophunzira ndipo ndimagwiritsa ntchito Ubuntu 22.04 pa laputopu yakale imene anandisiyira achimwene anga. Sabata yatha inandiuza kuti pali ma apudeti ndiye ndinangovomera, itamaliza ndinazimitsa, mawa lake poyatsa Wi-Fi kulibe, nkachizindikiro komwe kaja kasowa, komanso VirtualBox imene timapangira ma practical ikukana, ikumanena za vboxdrv. Mnzanga akuti ndingofomata koma bandulo ndilibe komanso ma assignment anga onse ali momwemo. Chawonongeka nchani? Wophunzira, Zomba

Yankho: Achimwene musafomate chonde, laputopu yanu ili bwinobwino ndipo kadi ya Wi-Fi sinapse. Mu ma apudeti aja munabwera kernel yatsopano, ndiye madiraiva ena sanasamuke nayo limodzi, basi. Kernel ndiye mtima wa Linux, ndi imene imalankhulana ndi kiyibodi, sikirini, Wi-Fi ndi zonse za mkati mwa makina, ndipo madiraiva ambiri amakhala timafayilo tapadera totchedwa ma module timene kernel imatenga ikatifuna. Timafayiloti timakhala mu foda ya /lib/modules ndipo kernel iliyonse ili ndi foda yakeyake mmenemo, yolembedwa nambala yake. Module imene inamangidwira 5.15 siingalowe mu 6.5, kernel imayang'ana kachidindo kotchedwa vermagic nkukana. Anthu amene amakonza Linux amasamala kwambiri kuti mapulogalamu athu wamba asasiye kugwira ntchito kernel ikasintha, koma za mkati mwa kernel momwemo sanalonjezepo kuti zizikhala chimodzimodzi, amasintha akafuna, nchifukwa chake diraiva imayenera kumangidwanso nthawi zonse.

Madiraiva amene ali kale mu Linux mwenimwenimo alibe vuto, amabwera atamangidwa kale. Ovuta ndi ochokera kunja monga wl wa makadi ena a Broadcom amene ali mu malaputopu ambiri akale, timadongo tina ta Wi-Fi ta Realtek, diraiva ya NVIDIA, ndi vboxdrv yanuyo, imene ndi diraiva ya VirtualBox. Amenewa amadalira DKMS, kapulogalamu kamene kanayambira ku Dell mu 2003. DKMS ili ngati telala, nsalu ali nayo kale koma kuti asoke malaya a kernel yatsopano akufunika muyeso wake, ndipo muyesowo ndi pakeji ya linux-headers ya nambala yomweyo. Ma headers akasowa palibe chimene chimamangidwa, apudeti imatha, inu mumazimitsa osadziwa kanthu chifukwa uthenga wa error unadutsa mwachangu kapena unabisika kuseri kwa kawindo kaja.

Ndiye choyamba bwererani ku kernel yakale, ikadalimo, Ubuntu siifufuta pompo. Poyatsa laputopu gwirani Shift, kapena dinani Esc ngati makina anu ndi a UEFI, mpaka menu ya GRUB, kapulogalamu kamene kamayatsa Linux, ituluke, sankhani Advanced options for Ubuntu, kenako sankhani kernel ya nambala yocheperapo koma osati yolembedwa recovery mode. Wi-Fi ibwera, VirtualBox itseguka, ndipo ngati muli ndi assignment yofunika mawa mukhoza kuimaliza kaye zinazi nkuchita pa weekend.

Mukalowa tsegulani terminal mulembe uname -r kuti muone kernel imene mwakwerapo, kenako ls /lib/modules kuti muone zonse zimene zilipo, kenako dkms status. Yomalizayi ndi imene imaulula nkhani yonse, mupeza kuti virtualbox ndi diraiva ya Wi-Fi zalembedwa installed pa kernel yakale koma pa yatsopano palibe. Apa samalani, malangizo ambiri a pa intaneti amati mulembe sudo apt install linux-headers-$(uname -r), koma poti inu mwayatsira kernel yakale lamulo limenelo likubweretserani ma headers a yakale yomweyo amene muli nawo kale. Lembani nambala ya yatsopanoyo ndi manja monga mwaionera mu /lib/modules, kapena bola mungoika sudo apt install linux-generic-hwe-22.04. Pakeji imeneyi mkati mwake mulibe kanthu kwenikweni, ntchito yake nkukoka anzake, kernel, ma headers ndi linux-modules-extra, kuti ziziyenda pamodzi pa apudeti iliyonse. Ambiri amaichotsa osadziwa pamene akuchotsa china chake nkuvomera Y osawerenga mndandanda, ndiye kuchokera pamenepo zinthu zimayamba kubwera zoperewera. Ndipo linux-modules-extra imeneyo musaipeputse chifukwa cha dzina lake, madiraiva ambiri a Wi-Fi kuphatikizapo a Intel ali mmenemo, ikasowa Wi-Fi imasowa ngakhale mulibe chilichonse cha DKMS.

Zikalowa lembani sudo dkms autoinstall -k kutsogoloku muike nambala ya kernel yatsopanoyo. Ikakanabe pitani mukawerenge make.log mu /var/lib/dkms, mu foda ya diraivayo. Pa 22.04 pali vuto limodzi limene linasautsa anthu ambiri, Ubuntu imeneyi inatuluka ndi kernel 5.15 komanso gcc 11, gcc ndiye pulogalamu yomangira madiraivawo, koma ma kernel ena atsopano otchedwa HWE amene anabwera pambuyo monga 6.5 anamangidwa ndi gcc 12, ndiye mu log mumapeza akuti gcc-12 not found. Mankhwala ake ndi sudo apt install gcc-12 basi nkubwerezanso lamulo lija. Koma ngati log ili ndi ma error ambirimbiri a mu code ndiye kuti diraivayo yakalamba, siikudziwa kernel yatsopanoyo, mufunika version yake yatsopano.

Maganizo anga, pa laputopu yakale ngati yanuyo palibe chimene mukupindula pothamangira kernel yatsopano. HWE anaipangira makina atsopano amene 5.15 siiwadziwa. Mukaika linux-generic mubwerera pa 5.15 imene imalandirabe zotseka mabowo a chitetezo mpaka 22.04 itatha nthawi yake mu 2027, ndipo madiraiva anu akunjawo sazivutikanso ndi kudumpha kwa ma version. Kungoti GRUB imasankha yokha nambala yaikulu, ndiye mukatsimikiza kuti 5.15 ikuyenda bwino muchotse ma kernel a HWE aja.

Funso: Ndili ndi kashopu kosindikiza ndi kutayipa, makompyuta awiri ali pa Linux. Ndikalemba apt-get upgrade imandiuza kuti mapakeji ena have been kept back ndipo onse ndi oyamba ndi linux. Ndiwasiye choncho? Komanso akumandiuza kuti /boot yadzaza. Mayi wa bizinesi, Mzuzu

Yankho: Mayi musawasiye, kernel ndi imene imafunika kwambiri zotseka mabowo. Chimene chikuchitika nchakuti apt-get upgrade imangokweza mapakeji amene alipo kale, siiloledwa kuika atsopano, pomwe kernel iliyonse imabwera ngati pakeji yatsopano ya dzina lakelake, mwachitsanzo linux-image-6.5.0-14-generic. Ndiye pakeji yokoka anzake ija ikafuna kukwera ikufunika kubweretsa mayina atsopano, apt-get nkuigwira. Lembani sudo apt upgrade, yopanda get, imeneyo imalola kuika zatsopano. Palinso sudo apt full-upgrade koma iyoyo imathanso kuchotsa mapakeji pofuna kuti zonse zigwirizane, ndiye werengani mzere wa REMOVED musanavomere, mukaona mayina ambiri amene simukuwamvetsa kanani kaye. Pa Ubuntu nthawi zina mapakeji amagwidwanso dala chifukwa apudeti amaitulutsa pang'onopang'ono kwa anthu ochepa kaye, amenewo amabwera okha pakapita masiku.

Za /boot, foda imene mumakhala ma kernel, yambani nazo musanakweze chilichonse, chifukwa malo akatha initrd ya kernel yatsopano, fayilo imene imafunika poyatsa makina, imalephera kulembedwa ndipo apudeti imaima pakati. Ndi ma kernel akale amene aunjikana. sudo apt autoremove imawachotsa nkusiya imene mukugwiritsa ntchito ndi yatsopano. Musakafufute mafayilo mu /boot ndi manja, apt imaganizabe kuti alipo ndiye imasokonezeka. Ndipo poti makompyuta ndi awiri, kwezani imodzi kaye, muyese pulinta ndi intaneti, inayo mawa.

Funso: Magetsi anathima apudeti ili mkati pa desktop yanga, pano ikuyaka koma apt ikukana chilichonse, akuti dpkg was interrupted. Wowerenga, Area 25

Yankho: Achimwene uthengawo ukukuuzani kale chochita, sudo dpkg --configure -a, imeneyo imamaliza kukonza mapakeji amene anatsala pakati kuphatikizapo kumanga madiraiva a DKMS ndi initrd. Ikatha onjezani sudo apt --fix-broken install kuti ikoke zimene zikusowa. Zimene zinadawunilodedwa kale nthawi zambiri zimakhala zikadali mu /var/cache/apt/archives ndiye bandulo siipita yambiri. Musazimitse kompyuta mpaka zonse ziwiri zitatha popanda error, ndipo ikadzakana kuyaka pa kernel yatsopanoyo lowani pa yakale kudzera pa GRUB monga ndafotokozera wa ku Zomba uja nkulemba malamulo omwewa muli mmenemo.