Kusintha mpope wa mfuti yakale kapena kugula ina?

FUNSO: Akulu, ine ndimakhala ku Area 25 muno mu Lilongwe, koma ndimalima cha ku Malingunde kumene nguluwe zimationongera chimanga ndi chinangwa chaka ndi chaka. Ndili ndi mfuti ya Brno ya .30-06 imene anandisiyira malemu bambo anga, ndipo ndinailembetsa kale m'dzina langa. Vuto ndi lakuti imamenya phewa kwambiri, komanso masiku ano zipolopolo zake zimamwazikana ndikamayeserera. Mnzanga wina akuti ndichotse mpope wake ndiikepo wa .243. Kodi nditero, kapena ndingogula mfuti ina ya saizi imeneyo? Ndine wowerenga wanu, Area 25.

YANKHO: Bambo, mnzanuyo sananame, pakuti mpope wa mfuti umachotsedwadi n'kuikapo wina. Koma ine sindingakulangizeni kutero ndi mfuti imeneyi.

Tiyambe ndi chitsulocho. Zipolopolo za .30-06 Springfield, .270 Winchester, .308 Winchester ndi .243 Winchester n'zofanana kunsi kwake, pafupifupi mamilimita 12 m'mimba mwake, choncho bolt ya mfuti yanuyo, kachitsulo kamene kamakankhira chipolopolo mumpope n'kutsekera kumbuyo kwake, ikhoza kugwira chilichonse mwa zinayi popanda kuisema. Kusiyana kuli pa kutalika. Chipolopolo cha .30-06 chimafika mamilimita 85, pamene cha .243, chomwe chinatuluka mu 1955 kuchokera ku .308, chimalekera pa 69. Mukaika chachifupicho m'magazini (mosungira zipolopolo m'mfuti) imene inapangidwira chachitali, chimakhala ngati mwana wovala nsapato za bambo ake, ndipo nthawi zina chimakodwa pokwera kulowa mumpope, zomwe simungazifune nguluwe yovulala ili patsogolo panu. Saizi imene ingalowe mosavuta ndi .270, koma kamenyedwe kake paphewa sikasiyana kwenikweni ndi kamene mukudandaulako.

Ntchito yakeyo si ya aliyense wodziwa kuwotcherera mageti. Mmisiri amafunika makina a lathe osemera mazinga ndi chipinda cha chipolopolo, ndipo akamaliza amayesa mpata wa pakati pa bolt ndi chipolopolo ndi timiyeso tiwiri tachitsulo: ndi koyamba bolt iyenera kutsekeka, ndi kachiwiri iyenera kukana. Mpatawo ukakula ngakhale pang'ono kwambiri, chikhokho cha chipolopolo chikhoza kung'ambika powombera, mpweya wamoto n'kubwerera kumaso kwa mwini mfuti. Ambiri amene amafuna ntchito yotereyi amayang'ana ku South Africa, ndipo kumeneko lamulo la mfuti la mu 2000 limawerengera mpope pawokha ngati mfuti. Zikatero mufunika chilolezo chotulutsira mfuti m'dziko muno, cholowetsera uko, ndi chobweretsera, kuwonjezera pa mtengo wa mpope, malipiro a mmisiri, mayendedwe ndi msonkho, ndipo zambiri mwa izi n'zolipira ndi ndalama zakunja zimene tonse tikudziwa mmene zikuvutira. Mukaziphatikiza, kawirikawiri mupeza kuti zafanana kapena kuposa mtengo wa mfuti wamba yatsopano, mutadikiranso miyezi. Dziwaninso kuti mfuti imalembetsedwa ndi nambala komanso saizi yake, choncho musanakhudze kanthu kalikonse, pitani mukafunse ku ofesi yoona za mfuti kulikulu la polisi ku Area 30.

Mfuti yogula ili kale mu .243 imabwera magazini, bolt ndi mpope zonse zitapangidwira chipolopolo chimodzi, ndipo tsiku lina mukafuna kuigulitsa, wogula sachita nayo mantha ngati mmene amachitira ndi mfuti yosinthidwa ndi munthu amene sakumudziwa. Imafunika chiphaso chake, zoona, koma ya bambo anu imatsala mmene anaisiyira.

Komabe ndikukayika ngati .243 ndi imene mukufunikiradi. Ndi yabwino kwa gwape ndi nyama zina zing'onozing'ono, koma chipolopolo chake kawirikawiri chimalemera ma grain (muyeso wa kulemera kwa zipolopolo) 100 kapena kucheperapo, pamene nguluwe ndi nyama yolimba imene imathawira m'tchire lowirira ikapanda kugwa pomwepo. Mpope wa .243 umathanso msanga kuyerekeza ndi wa .30-06, chifukwa wonga wambiri umapsera m'kabowo kakang'ono. Ndipo musanasankhe saizi iliyonse, funsani kaye ogulitsa ovomerezeka kuti ndi zipolopolo ziti zimene amakhala nazo chaka chonse.

Za kumwazikana kwa zipolopolo, musafulumire kuweruza mpope. Ndinaonapo mfuti imene mwini wake anali ataitaya mtima, koma titagwira galasi loyang'aniramo tinapeza likugwedera chifukwa cha kazomangira kamodzi kamene kanamasuka. Yambani pamenepo, kenaka mangitsani zomangira zimene zimalumikiza chitsulo ndi thendere. Mukatsimikiza kuti mulibe chipolopolo, chotsani bolt, lozetsani mpope kowala, ndipo muyang'ane mizere ya m'kati: ngati ikuoneka yakuthwa kuyambira pachipinda mpaka kukamwa, mpopewo ukadali ndi moyo, mwina wangodzaza mkuwa wotsalira umene umachoka ndi mankhwala otsukira. Onaninso kukamwa kwenikweniko, pakuti kakubowoka kakang'ono kobwera poigwetsa m'galimoto n'kokwanira kusocheretsa chipolopolo, ndipo mmisiri amakonza pamenepo osachotsa mpope. Za phewa, gulani zipolopolo za ma grain 150 m'malo mwa 180 ndipo muike labala wochindikala kuthendere.

Mukapeza kuti mizere yafufutika ndipo dzimbiri lakumba maenje m'kati, apo ndiye kusintha mpope kuli ndi nzeru, popeza mfutiyo ndi chikumbutso cha bambo anu chimene sitolo singakugulitseni. Zikafika pamenepo ikaniponi wa .30-06 womwewo, kuti magazini isasinthidwe ndipo saizi yolembedwa kupolisi ikhale yomweyo. Za nguluwezo, kaonaneni ndi a nthambi yoona za nyama zakutchire musanawombere, chifukwa chiphaso cha mfuti si chilolezo chosakira, ndipo munda wanu uli pafupi ndi nkhalango yotetezedwa ya Dzalanyama.