Vampaya ndi namapopa kapena mzukwa?

Funso: Aphunzitsi, ndikuwerenga buku lina loseketsa la mavampaya amakono, oti ali ndi mafoni ndipo amagula zinthu pa intaneti, anabwera kudzacheza kwa banja lina koma miyezi yatha sakuchoka. Ndikufuna ndifotokozere anzanga pa WhatsApp, ndinene kuti anamapopa? Nanga mlendo wotereyu timati chani?

Yankho: Anamapopa ayi ndithu, musayerekeze. Mawu amenewo ali ndi mabala, amatikumbutsa mphekesera za 2017 zija pomwe anthu ena anaphedwa pongoganiziridwa kuti akupopa magazi, ndiye mukawaika pa nkhani yanthabwala anthu saseka. Komanso namapopa timamuganizira ngati munthu wamoyo wobwera ndi zipangizo, pomwe vampaya ndi munthu woti anafa kale, amadzuka usiku nkuluma pakhosi. Sapopa, amayamwa. Mfiti nayonso sikugwirizana. Choyandikira ndi mzukwa woyamwa magazi, kungoti nchachitali, mukachibwereza kasanu pakamwa pauma.

Ine ndingoti vampaya basi. Azungu omwewo anachita kubwereka, mawuwa anachokera ku Serbia ndipo analowa m'Chingerezi cha m'ma 1730, ndiye ife tichitirenji manyazi? Akachuluka ndi mavampaya, ngati mmene timanenera madalaivala, koma mmodzi timati vampaya uyu wabwera, osati vampaya ili labwera, poti ngakhale ndi wakufa timamuwerengabe ngati munthu.

Pa za mlendoyo mpomwe pali nkhani. Ambiri athamangira kunena kuti wakhalitsa, koma kukhalitsa kulibe dandaulo, agogo okhalitsa timanyadira nawo, ndipo kwa vampaya wa zaka 300 owerenga angomva kuti ndi wamkulu. Nenani kuti akakamira, kapena akanirira pakhomo pa eni ake, pamenepo aliyense amva kuti eni nyumba atopa koma akusowa poyambira. Amene ndimawakonda ine ndi oti alendo osatsanzika. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, tsono awawa ndi mame oti dzuwa likatuluka m'malo mokamuka amangotseka makatani nkukagona.

Paja m'nthano zawo vampaya salowa m'nyumba asanaitanidwe, amaima pakhomo kudikira chilolezo. M'Chichewa chilolezocho ndi mawu amodzi okha, iye ati odi, inu mwaulemu wanu nkuti lowani, kwatha. Mukamafotokozera anzanuwo yambirani pamenepo.